Munthu amene anatcha mkungudza wa pa Mulanje dzina asanauone

## Fulemu lomwe chiswe chinalikana

Namondwe wa Freddy atadutsa mu Malichi 2023, nyumba ya agogo kwathu kufupi ndi Likhubula inatsala yopendekeka, khoma limodzi litang'ambika kuyambira pa zenera mpaka pansi. Tinagwirizana zoigwetsa isanagwere munthu. Tikuphwasula denga, mitanda ya bulugama inkangofumbutuka m'manja, chiswe chitaidya m'kati monse n'kusiya kunja kokha. Koma fulemu la chitseko cha kumaso linatuluka lamphumphu, lakuda bii ndi utsi, lopanda ndi kabowo komwe.

Kalipentala analigoneka pa benchi n'kudutsitsapo pulena kamodzi. Pansi pa mwaye panaoneka thabwa loyera mofiirira, ndipo fungo linagwira bwalo lonse, moti amayi amene ankatsuka mbale kuseri anatulukira kudzaona. Atsibweni anga anali phee pa mpando m'mawa wonsewo. Apa anadzuka, anatola kachidutswa komwe pulena inapala, n'kukanunkhiza.

"Ili ndinacheka ndine," anatero. "Sida wa pa Chambe uyu. Ndinali ndisanakwatire."

Ine ndimaphunzitsa sayansi ya zamoyo ku sekondale, ndipo dzina la sayansi la sidayu, mkungudza wa pa Mulanje, loti *Widdringtonia whytei*, ndimalilemba pa bolodi chaka ndi chaka. M'mabuku a akatswiri dzinali limatsatiridwa ndi liwu lachitatu: Rendle. Ana sandifunsa za liwu limeneli chifukwa silibwera pa mayeso. Koma kuyambira tsiku la fulemulo linandikhala pa mtima, mpaka ndinayamba kufufuza kuti mwini wake anali yani, ndipo anachita chiyani kuti dzina lake limamatire pa mtengo umene atsibweni ankacheka.

## Nkhalamba ya m'phiri ndi mnyamata wa pa desiki

Mu 1891, chaka chomwe Britain inaika dziko lino pansi pa ulamuliro wake, Harry Johnston anabwera ndi mkulu wina wa ku Scotland dzina lake Alexander Whyte. Anabadwa mu 1834, ndipo anali atakhala zaka zambiri ku Ceylon, komwe lero timati Sri Lanka. Ntchito yake kuno inali yotolera zomera, mbalame ndi nyama, komanso kuyesa mbewu zosiyanasiyana pa munda wa ku Zomba, womwe ndi chiyambi cha Botanic Garden ya m'mbali mwa Mulunguzi ija. Chakumapeto kwa chaka chomwecho anakwera Mulanje ali ndi zaka 57. Amene anakwerako akudziwa kuti pa msinkhu umenewo si masewera.

Pamwambapo, m'zigwa ndi m'makwalala opitirira mamita 1,800, anapeza mitengo italiitali yamasamba obiriwira chaka chonse, ina yofika mamita 40. Anaonanso kuti moto wolusa unali utapha kale yambiri, ndipo anadandaula nazo m'malipoti ake. Anathyola nthambi ndi tizipatso take touma, anaziumitsa pakati pa mapepala, n'kuzitumiza ku London pamodzi ndi zomera zina zambiri.

Katunduyo anafikira ku British Museum, ku nthambi yoona za zomera. Kumeneko kunali mnyamata wina, Alfred Barton Rendle, wobadwa mu 1865, amene anaphunzira ku Cambridge n'kuyamba ntchito pamalopo mu 1888. Akatswiri a pa ofesiyo anagawana zomera za Whyte monga mwa magulu ake, ndipo mitengo ya mtundu wa paini ndi abale ake inagwera Rendle. Mu 1894 zotsatira zinasindikizidwa m'magazini ya bungwe la Linnean Society, mayina a James Britten, E. G. Baker ndi Rendle ali pamwamba. Phiri lathu analilemba kuti Milanji. M'menemo ndi momwe mkungudza wa pa Mulanje unalowa m'kaundula wa sayansi. Rendle anali ndi zaka 29, ndipo mtengowo anali asanauonepo uli chiimire.

Gawo lachiwiri la dzinalo, *whytei*, Rendle analemekeza nalo Whyte. Gawo loyamba linalipo kale: Stephan Endlicher wa ku Vienna analipeka mu 1842 pokumbukira Samuel Edward Widdrington, kaputeni wa sitima za nkhondo za Britain amene ankakonda kuphunzira mitengo ya paini ya ku Spain. Ndiye mtengo umene Kamuzu anaulengeza mu 1984 kuti ndi mtengo wa fuko lathu wasenza woyendetsa sitima, wotolera zomera wa ku Scotland ndi kalaliki wa zomera wa ku London. Ana anga a fomu 3 amaseka ndikawauza zimenezi. Ine sindiseka kwambiri, koma sindikwiyanso monga ena amafunira, ndipo chifukwa chake chili m'munsimu.

## Kanthambi kouma kamanena zingati?

Tangoganizani desiki ya Rendle. Palibe nkhungu ya chiperoni, palibe ndere zolendewera m'nthambi, palibe thunthu loti anthu atatu alizungulire atagwirana manja. Pali pepala lolimba, ndipo pa pepalapo pamamatizidwa kanthambi kofota, tizipatso tingapo ndi kachikalata kolembedwa ndi Whyte. Pambali pali galasi lokulitsira zinthu ndi makabati odzaza mapepala ena otere ochokera ku maiko onse.

Zomwe akanatha kuona ndi izi. Masamba a mtengo wachikulire ndi timamba ting'onoting'ono tokakamira ku nthambi, osati singano zazitali za paini. Kachipatso kake ndi kolimba, kamang'ambika pa zigawo zinayi, ndipo m'kati muli njere zokhala ndi kaphiko koti mphepo iziulutsa. Zimenezi zinamuuza kuti mtengowu si mbale wa mkungudza wa ku Lebano wa m'Baibulo uja, umene uli m'banja la paini. Wathuwu uli m'banja la saipuresi, ndipo abale ake enieni anali odziwika kale m'mapiri a ku Cape ku South Africa. Ntchito yotsala inali kuufananiza ndi abalewo n'kugamula: kodi ndi womwewo, kapena ndi wina? Rendle anagamula kuti ndi wina.

Pa sayansi ya zomera, chigamulo chotere chimamangiriridwa ku kanthambi komwe wofotokozayo anagwiritsa ntchito. Kamasungidwa mosamala, ndipo aliyense wokayika amabwerera kwa iko. Lamulo lina ndi loti dzina limene linasindikizidwa moyamba motsatira ndondomeko ndi lomwe limapambana. Ngakhale litaikidwa pambali zaka zambiri, silifa. Rendle mwini wake anadzakhala mmodzi mwa osunga malamulo amenewa. Anatsogolera nthambi ya zomera ku British Museum kuyambira 1906 mpaka 1930, ndipo anali m'gulu la okonza buku la malamulo a katchulidwe ka zomera pambuyo pa msonkhano wa ku Cambridge wa 1930. Anamwalira mu 1938.

Zonsezi ndinaziwerenga ndili pa mpando. Chomwe chinandisintha kaphunzitsidwe ndinachiona pamwamba pa phiri.

## Zitsa ziwiri

Dzinja litatha, atsibweni anati akufuna kukaona kumene ankagwira ntchito maondo asanawakanike. Tinanyamuka m'bandakucha ndi ufa, ndiwo zouma ndi mabulangete. Iwo ankayenda patsogolo ndi ndodo, osalankhula, osapumanso pafupipafupi monga ine. Anthu amene anasenzapo matabwa pa njira imeneyi ali ndi kayendedwe kawo: timasitepe tating'ono, phazi lonse pansi, maso pa mwala wotsatira.

Titafika pamwamba anasiya njira ya alendo n'kulowa m'chigwa china chimene ine sindikanachiona n'komwe. Munali mitungwi, minga ndi timitengo ta paini tomera tokha. Mitengo ikuluikulu munalibe. Munali zitsa. Zina zinali zakale, zotuwa, zosalala ndi mvula. Zina zinali zakuda ndi moto. Pambali pa chitsa chimodzi panali dzenje lalitali lokwiririka theka, ndipo atsibweni anaima pamphepete pake.

"Apa ndi pamene tinkachekera. Wina pamwamba pa chipika, wina m'dzenjemu. Wa pansi ndiye ankadya utuchi."

"Inu munali pati, atsibweni?"

"Woyamba kumene amalowa pansi. Pamwamba amakwera wodziwa kutsata chingwe."

Anafotokoza mmene ankaviikira chingwe m'makala osinja ndi madzi, n'kuchikoka pa chipika kuti chisiye mzere wakuda, ndi mmene sowo ankainolera madzulo aliwonse. Kenaka anandikodola kuti ndibwere pa chitsa chachikulu, chotakata kuposa tebulo la mphunzitsi. M'mbali mwake munatsalira khungwa. Analowetsa chikhadabo, ndipo khungwalo linabonyoka. Linali lochindikala kuposa chala changa, lofewa, long'ambika m'litali.

"Uyu ndiye sida weniweni. Ukamudula, wapita. Moto ukamudutsa mwamphamvu, wapitanso. Saphukira."

Tinayenda pang'ono kukwera m'mphepete mwa chigwacho, pamene nkhalango imakumana ndi udzu. Apo panali chitsa china chaching'ono, chopserera, koma kuchokera pansi pake panatuluka mphukira zambiri zobiriwira, zina zofika m'chiuno. Ndinathyola kanthambi. Masamba ake anali timamba tomwe tija, fungo lofananako. Ndikanaika kanthambi kameneka pa pepala, ana anga onse akanalemba kuti *whytei*, ine n'kuwachongera.

"Nanga uyu?"

Atsibweni anagwedeza mutu. "Ameneyo ndi mbale wake chabe, mphwanga. Taona khungwa, lopyapyala, lomakanuka. Sakula n'kukhala thunthu limodzi lonenepa, amangochita mapasa mapasa. Tinkamudutsa. Ungataye tsiku lonse pa iye n'kupeza timatabwa ta mpando."

Ndinawafunsa amene anawaphunzitsa. Anandiyang'ana modabwa. Anati palibe wocheka amene sankadziwa, chifukwa wosadziwa ankabwerera kumudzi wopanda ndalama.

Ndinakhala pansi pa mwala, kanthambi kali m'manja. Zimene atsibweni anangondionetsa ndi chikhadabo ndi zomwe akatswiri anakanganirana zaka makumi atatu.

## Pamene dzina la Rendle linaikidwa pambali

M'zaka za m'ma 1960, akatswiri a ku South Africa anaunikanso mitengo yonse ya Widdringtonia. Atayala mapepala a nthambi zouma ochokera ku Cape, ku mapiri a Drakensberg, kum'mawa kwa Zimbabwe ndi ku Mulanje, anaona kuti masamba ndi tizipatso zikulowererana, palibe malire oonekera. Anagamula kuti wa pa Mulanje ndi mtundu umodzi ndi uja wofala kum'mwera, umene lero umatchedwa *Widdringtonia nodiflora*. Dzina la Rendle linatsitsidwa kukhala dzina lapambali.

Sanali anthu opusa. Vuto linali loti pa Mulanje pamamera mitundu yonse iwiri, nthawi zina moyandikana, ndipo otolera ankathyola nthambi uku ndi uku n'kulemba dzina limodzi. Zomwe zimasiyanitsa mitengoyi, kunenepa kwa khungwa, thunthu limodzi kapena ambiri, kuphukira kapena kusaphukira moto ukadutsa, sizikwana pa pepala. Njira yomweyo imene Rendle anagwiritsa ntchito ndi imene inasokoneza omutsatira. Ndinganene kuti iye anathandizidwa ndi zolemba za Whyte, munthu amene anaima pansi pa mitengoyo n'kuona msinkhu wake, komanso mwayi unali naye.

Mu 1997, Anton Pauw ndi Peter Linder a ku yunivesite ya Cape Town anasindikiza kafukufuku wawo atakwera phirilo n'kuona mitengo yamoyo. Anapeza mitundu iwiri. Waukulu uja, wa khungwa lochindikala, wosaphukira, sumera mwachilengedwe kwina kulikonse pa dziko lapansi koma pa Mulanje. Sanafunikire kupeka dzina latsopano, poti la 1894 linali chikhalire, ndipo lamulo lija linalibwezera pamalo pake.

Wina anena kuti zonsezi ndi mikangano ya anthu okhuta. Taganizani bwino. Mtengo umene buku likuti umapezeka kuyambira ku Cape Town mpaka ku Malawi sungalowe pa mndandanda wa zomera zotsala pang'ono kutha, ngakhale pa Mulanje utatsala umodzi. Wopereka ndalama zoteteza chilengedwe amayamba wafunsa kuti mtunduwo uli pa mndandanda uti. Wotolera mbewu za m'nazale, akauzidwa kuti mtundu ndi umodzi, amathyola tizipatso pa mtengo waufupi chifukwa ndi wosavuta kufikira, ndipo waufupiwo kawirikawiri ndi mbale uja. Lero *Widdringtonia whytei* ali pa mndandanda wa IUCN, bungwe la dziko lonse loteteza chilengedwe, m'gulu la zamoyo zomwe zili pangozi yaikulu kwambiri. Kuti alembedwepo, panafunika kaye kuvomereza kuti alipo payekha, ndipo woyamba kulemba zimenezo m'buku anali Rendle.

Sindikunena kuti dzina ndi lomwe linagwetsa nkhalango. Inagwa ndi sowo, moto, umphawi ndi dyera. Atsamunda anayamba kuicheka Whyte adakali moyo, poti thabwa lake silidyedwa ndi chiswe ndipo siliola msanga: denga, zitseko, mabwato a pa nyanja, mabokosi ogulitsa kwa alendo. Cha m'ma 1980 kunafika nsabwe za mitengo ya saipuresi, zomwe zinafooketsa yambiri. Panalinso lamulo lololeza kucheka mitengo yakufa yokha, ndipo atsibweni sanabise mmene ena ankalizembera: kusenda khungwa mozungulira kapena kusonkha moto patsinde, n'kudzabwera chaka chamawa ndi chilolezo m'thumba. Nkhalango ya mkungudza inali pafupifupi mahekitala 1,460 chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Pofika m'ma 2000 inali itatsika kufika pa 845. Kalembera wa mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu isanu ndi iwiri yokha.

Ndinawafunsa atsibweni ngati amamva chisoni. Anati fizi ya amayi anga inachokera m'dzenje lija, ndipo sanawonjezerepo kanthu. Ine ndine mwana wa amayiwo, choncho funsolo sindinalibwereze.

## Amene sanalowe m'magazini

Whyte sanakwere yekha. Mzungu wa zaka 57 mu 1891 sakanapeza njira ya pa Mulanje popanda eni dera omutsogolera, ndipo mapepala, mahema ndi chakudya zinali pa mitu ya amtengatenga. Wina anakwera mu mtengo kukathyola nthambi ya tizipatso. Dzina la mtengo linapita kwa wotumiza katundu, monga zinkakhalira nthawi imeneyo, ndipo Whyte ali ndi mbalame zingapo za kuno zomwe zikutchedwanso ndi dzina lake.

Pali anthu masiku ano amene akufuna kuti mayina otere asinthidwe. Ndikumva chomwe chikuwawawa. Koma ine, pa mtengo uwu, sindingavomere. Dzina limeneli linasowapo kale kamodzi, ndipo taona mmene kusowako kunasokonezera. Chimene ndimafuna n'chakuti wofufuza akabwera ku Likhubula, asamutenge wocheka wakale ngati wonyamula chikwama chabe. Amufunse, alembe yankho lake, alembenso dzina lake ngati mwini wake walola. Funso limene linatenga zaka makumi atatu likanayankhidwa masana amodzi ndi munthu wa utuchi m'maso.

M'kalasi ndasiya kuyamba ndi dzina la Chilatini. Ndimajambula zitsa ziwiri pa bolodi, china chili ndi mphukira, china chilibe, n'kufunsa ana kuti moto ukamadutsa chaka ndi chaka, ndi uti amene atsale. Akayankha, ndimawauza kuti wosaphukirayo amadalira njere zokha, kuti mbande zake zimafuna kuwala ndipo zimamera bwino m'mphepete mwa nkhalango pamene moto unadutsa kalekale, koma moto ukabweranso zisanakhwime zimathera pomwepo. Rendle ndi Whyte amabwera pamapeto, ana atamvetsa kale chimene chikutchulidwa dzinacho.

## Ku nazale

Kuyambira 2016, mabungwe atatu, la Mulanje Mountain Conservation Trust, la FRIM la ku Zomba lofufuza za nkhalango ndi la Botanic Gardens Conservation International, akhala akugwira ntchito ndi midzi yozungulira phiri kufesa mbande ndi kuzibzala pamwamba. Mbande zikwi mazanamazana zakwera phirilo pa mitu ya anthu, pa njira zomwe matabwa ankatsikira. Zambiri zimafa ndi moto, chisanu ndi chilala, ndiye ntchito yeniyeni ndi yolambula njira zotchinga moto udzu usanaume. Popeza mitengo yobereka inatha m'phirimo, mbewu zambiri zimachokera ku mitengo imene inabzalidwa kale kwina, monga pa phiri la Zomba.

Apa ndi pamene nkhani ya 1894 imakhudza chubu cha dothi. Mbande ya mkungudza ikamamera imakhala ndi masamba osongoka, otalikirapo, osiyana ndi timamba ta mtengo wachikulire, ndipo pa msinkhu umenewo mitundu iwiri ija imafanana kwambiri. Khungwa lochindikala limabwera mtengo utakula. Mbewu ikatoledwa pa mtengo wolakwika, cholakwacho chimadzaonekera wobzalayo atakalamba.

Potsika tinadzera pa nazale ina ya m'mudzi. Amayi anayi ankathira dothi m'machubu pansi pa chisakasa cha udzu, ndipo mizere ya mbande inali itandandalikidwa bwino, yothiriridwa m'mawa womwewo. Atsibweni anagwada, anagwira kambande kamodzi ndi zala ziwiri, anakatembenuza uku ndi uku, n'kuvomera kuti pa msinkhu uwu ngakhale iwo sangadziwe. Ndinafunsa mayi wamkulu pagululo kuti mbewu zawo zimachokera pa mitengo iti.

"Zimabwera m'mapaketi olembedwa, aphunzitsi," anatero, manja ali m'dothi. "Ife timasunga pepala la paketi iliyonse, ndipo mzere uliwonse uli ndi nambala yake. Mukafuna kudziwa mayi wake wa mtengo, mukafunse ku Zomba ndi nambalayo. Koma ngati mwabwera kudzathandiza, machubu opanda dothi ali apo."